Sukulu Imodzi, Mavoti Awiri: Mmene Matauni a ku Massachusetts Amalipirira Ntchito Yokonza Sukulu

M'chigawo cha Massachusetts, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, nyumba ya sukulu ya boma ndi katundu wa tauni. Denga likayamba kudontha, makina otenthetsera makalasi m'nyengo yachisanu akafooka, kapena ana akachuluka mpaka ena kumaphunzirira m'timakalasi tongoyembekezera toimikidwa pabwalo, palibe unduna wa ku Washington umene umatumiza amisiri. Eni tauni amakhala pansi okha n'kugamula, ndipo ndalama zambiri zimachokera pa msonkho wa nyumba ndi malo awo. Sukulu zapakati, zophunzitsa ana a zaka 11 mpaka 14, amsinkhu wa Sitandade 6 mpaka 8 kwathu kuno, zambiri zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ana atabadwa mwaunyinji nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Lero zakalamba pamodzi.

Boma la chigawo limathandizako kudzera m'bungwe la Massachusetts School Building Authority, limene anthu amangolitchula kuti MSBA. Linakhazikitsidwa mu 2004, dongosolo lakale litamira m'malonjezo a madola oposa 10 biliyoni popanda thumba lodziwika lolipirira. Bungwe latsopanoli analipatsa kasupe wakewake: pa msonkho umene munthu amalipira pogula katundu, womwe pano uli pa 6.25 peresenti, senti imodzi pa dola iliyonse imapita kukamanga sukulu. Wapampando wa bungweli ndi msungichuma wa chigawo.

Tauni yofuna thandizo imayamba ndi kalata yofotokoza vuto lokha, osatchula nyumba imene ikuilakalaka. Makalata amakhala ambiri, oitanidwa chaka chilichonse ochepa, ndipo matauni ena amalemba chaka ndi chaka asanamveredwe. Ikaitanidwa, tauni imasankha komiti yoyang'anira ntchitoyo, imagwirizana ndi bungwe za chiwerengero cha ana amene adzakhalepo m'zaka zikubwerazo, kenako akatswiri ojambula mapulani amayerekeza njira zitatu: kungokonza zowonongeka, kukonza n'kuwonjezera makalasi ena, kapena kugwetsa zonse n'kumanga yatsopano. Ambiri amaganiza kuti kukonza ndiye kotchipa, koma si nthawi zonse. Ukang'amba khoma lakale umapezamo asbestos wofunika kuchotsedwa mosamala, mawaya ndi mapaipi otha ntchito, komanso malamulo amakono amalamula kuti mwana woyenda pa njinga ya olumala azifika chipinda chilichonse. Pa zonsezi, ana ayenera kupezeredwa pophunzirira pamene amisiri akugwira ntchito.

Gawo limene MSBA imabweza limayambira pa 31 peresenti n'kulekezera pa 80, malinga ndi kulemera kapena kusauka kwa tauni. Apa ndi pamene ovota ambiri amasokonezeka. Peresentiyo imawerengedwa pa zokhazo zimene bungwe lavomereza kulipirira. Pali malire a mtengo womangira malinga ndi kukula kwa nyumba, ndipo kugula malo kapena kumanga dziwe losambiramo sizilowamo n'komwe. Popeza mitengo yomangira yakhala ikuthamanga kuposa malirewo, tauni imene papepala ikubwezeredwa theka imatha kulandira zochepa ndithu pa mtengo weniweni.

Zotsalazo tauni imakongola, ngongole yobweza zaka 20 kapena 30, ndipo apa imagundana ndi lamulo la Proposition 2½ limene ovota anakhazikitsa mu 1980. Lamuloli limaletsa tauni kukweza msonkho wonse wa nyumba ndi malo kupitirira 2.5 peresenti pachaka, kupatula wochokera ku nyumba zomangidwa kumene. Sukulu ya madola mamiliyoni makumimakumi singakwane m'kampata kotero. Choncho pamafunika mavoti awiri. Loyamba limachitika pa Town Meeting, msonkhano wakalekale wa matauni a m'derali, kumene m'matauni ang'onoang'ono wovota aliyense amaloledwa kulowa, kuyankhula ndi kukweza dzanja. Kuti tauni ikongole, ovomereza ayenera kufika magawo awiri mwa atatu. Lachiwiri ndi la m'bokosi, lotchedwa debt exclusion, lolola kuti msonkho ukwere kupyola malire mpaka ngongoleyo idzathe. Ili limangofuna ovomereza oposa theka. Bungwe la MSBA likavomereza pulani ndi mtengo wake, tauni imapatsidwa masiku 120 kuti ipambane onse awiri.

Zimene zinachitika ku Lincoln, tauni yolemera ya anthu pafupifupi 7,000 kumadzulo kwa Boston, zimaonetsa kuuma kwa mpanda wa magawo awiri mwa atatu. Sukulu yake, imene imaphunzitsa ana aang'ono ndi a makalasi apakati pamalo amodzi, inali ndi pulani ya madola pafupifupi 49 miliyoni, ndipo MSBA inali italonjeza pafupifupi 21 miliyoni. Mu Novembala 2012 ovomereza pamsonkhano anaposa theka koma sanafike pamlingo. Ambiri mwa okana sankakana sukulu ayi. Chimene sanachikonde ndi kajambulidwe kake, kamene kakanasintha maonekedwe a nyumba yaitali yozungulira bwalo lamasewera imene anaizolowera. Thandizo lija linapita. Tauni inalembanso makalata kangapo osaitanidwa, mpaka inaganiza zoyenda yokha. Mu Disembala 2018 anthu omwewo anavomereza ntchito yokonza ndi kukuza sukuluyo pa madola oposa 90 miliyoni, popanda senti ya MSBA. Anapeza nyumba yakumtima kwawo, yopangidwa kuti izidalira magetsi a dzuwa, koma anaigula modula. Ku Amherst nakonso, mu 2016 ovota anavomereza m'bokosi pulani ya sukulu ya pulayimale, msonkhano n'kuikana, ndipo thandizo la madola pafupifupi 34 miliyoni linawapulumuka m'manja.

N'kosavuta kunena okana kuti ndi ouma mtima, koma si chilungamo. Gogo wopuma pantchito amene anagula nyumba yake kalekale amapezeka kuti nyumbayo yakwera mtengo pamene penshoni ili pomwepo, ndipo msonkho umatsata mtengo wa nyumba, osati zimene zili m'thumba. Kwa iye, madola mazana angapo owonjezera chaka chilichonse kwa zaka 30 si nkhani yamasewera. Pali njira zochepetsera kapena kuchedwetsa msonkho kwa okalamba osowa, koma si onse amene amayenerera. Cholakwika chimene ndimaona chili pa kawerengedwe: wovota amayerekeza mtengo wa pulani ndi kusalipira kalikonse, pamene kusalipirako kulibe. Denga lidzafunabe kukonzedwa, ndipo mtengo wa simenti, zitsulo ndi amisiri sudikira chisankho china. N'chifukwa chake makomiti ochenjera masiku ano amaika manambala awiri patsogolo pa anthu: zimene nyumba ya mtengo wapakati idzalipire pachaka pulani ikadutsa, ndi zimene tauni idzawononge yokha pongotseka zibowo pulaniyo ikagwa.