Mabatani a pa lamya sanaikidwe mwachisawawa

Kukacha m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, pamene asodzi akukocheza mabwato, ambiri amayamba apisa m'thumba kutenga lamya kuti auze ogula a ku Insaca kapena ku Cuamba kuti nsomba zatuluka. Ngakhale kunabwera lamya zagalasi zongokhudza ndi chala, asodzi ambiri sanataye zamabatani chifukwa galasi silimva bwino chala chonyowa.

Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kayalidwe ka mabataniwa kanadya anthu mutu. M'zaka za m'ma 1950, gulu la akatswiri a kampani ya Bell Labs ku America, lotsogozedwa ndi a John Karlin, linayesa kuyala manambala mozungulira, m'mizere iwiri ndi m'njira zinanso, uku likuwerenga mmene anthu amalakwitsira poimba. Mapeto ake anasankha kuika 1, 2 ndi 3 pamwamba, 0 pansi, ndipo lamya zotere zinayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1963.

Pa batani la 5, kapena m'mbali mwake, pamakhala kanthu kotukuka ngati kanjere ka mapira. Anakaikapo poganizira anthu osaona. Chala chikapeza 5, mwini wake amadziwa kuti 2 ali pamwamba, 8 pansi, 4 kumanzere ndipo 6 kumanja. Njira yomweyi imathandiza msodzi amene ali pamadzi usiku, ngakhalenso agogo amene maso anayamba kuchita chidima.

Kampani ya Nokia nayo inaganizira anthu a kumudzi pamene inatulutsa Nokia 1100 m'chaka cha 2003. Mabatani ake anali pa chikopa chimodzi kuti fumbi lisalowe msanga, ndipo pamutu pake panali tochi. Chimodzimodzinso wailesi zopukusa ndi dzanja za Freeplay, zimene zinayamba kupangidwa ku Cape Town m'zaka za m'ma 1990, zinapangidwira madera amene mabatire ndi odula.

Komabe okonzawo sanaganizire chinenero cha kuno. Kuti munthu alembe mawu akuti "nsomba" pa lamya yamabatani, amadina kakhumi ndi katatu, ndipo chilembo cha s chokha chimafuna kudina 7 kanayi. Zolembedwa za m'kati mwa lamya zambiri zili m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chifikireni M-Pesa ya Vodacom m'chaka cha 2013, kenaka e-Mola ya Movitel, mabataniwa asanduka khomo la ndalama. Nambala ya lamya ya m'manja ku Mozambique ili ndi manambala 9, ndipo kuphonya imodzi yokha kungathe kupereka thukuta la usiku wonse kwa mlendo. Ena akalephera kuwerenga amapereka lamya kwa mnyamata wa pamsika pamodzi ndi nambala yachinsinsi, zomwe zili ngati kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Choncho wogula lamya ayese kaye ngati mabatani akumveka podina ndi ngati manambala akuoneka mumdima. Wotumiza ndalama awerenge nambala kawiri, aonenso dzina la wolandira ngati latuluka, asanadine kotsiriza. Woimbira abale a ku Nayuchi kapena ku Liwonde ayambe ndi +265, pamene ya kuno ndi +258. Paja akuluakulu anati kuthamanga si kufika.