Dimba la Pakhomo, ndi Kuweruza Thupi la Mbale

Inu eni mabanja a ku Machinga ndi ku Balaka, tamverani. Potuluka m'tchalitchi timamva anthu alikunena kuti wonenepa wadalitsika, ndipo woonda amamnong'onezera kuti ali ndi kachilombo. Kuweruza kotere nkoipa, pakuti wodya nsima yambiri ndi ndiwo zochepa akhoza kunenepa, magazi ali ochepa m'thupi mwake.

A mpingo wa Mormon ali nalo lamulo la zakudya limene Joseph Smith analengeza mu 1833. Liyamikira masamba, zipatso ndi tirigu, ndi kudya nyama pang'ono, koma silitchula kunenepa kapena kuonda. Mu 1976 mtsogoleri wawo Spencer W. Kimball anawalangiza kuti banja lililonse lilime dimba.

Uphunguwu utiyenera ifenso. Popeza mvula ya ku Balaka njochepa, bzalani nandolo, khobwe ndi chammwamba, zimene zipirira dzuwa, ndiponso mbatata yofiira mkati. Nkhwani ndi bonongwe za m'dzinja muzifutse, kuti m'chilimwe ana asasowe ndiwo. Mbale wanu akaonda, mumtengere ndiwo za m'dimba mwanu, nimumperekeze kuchipatala.