Sukulu ya pa sitima, kumene mlendo sasiyidwa yekha

Amene adakwerapo sitima ya Ilala kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Likoma amadziwa mmene madzi amasinthira anthu. Munthu amene simudapatsane moni padoko, pofika ku Nkhotakota mumakhala mukugawana naye chakudya ndi kusungirana katundu. Ulendo umenewo ndi wa masiku ochepa chabe. Koma kunja kuno kuli ophunzira a m'sukulu zaukachenjede amene amakhala pa sitima miyezi yoposa itatu, akuphunzira, kudya, kugona ndi kulemba mayeso ali pamadzi.

Pulogalamu imeneyi imatchedwa Semester at Sea. Idayamba ku America m'chaka cha 1963 pa dzina la University of the Seven Seas, ndipo kuyambira mu 2016 maphunziro ake amayang'aniridwa ndi Colorado State University. Sitima yake ndi MV World Odyssey, yomwe kale inkatchedwa Deutschland. Imanyamula ophunzira pafupifupi 500, ambiri a ku America koma ena ochokera m'maiko osiyanasiyana, n'kuyenda nawo masiku oposa 100 m'maiko pafupifupi 10. Pa maulendo ena yakhala ikuima pa madoko a muno mu Africa monga Cape Town, Mombasa ndi Tema ku Ghana.

Pa zithunzi moyo wake umaoneka wa mwanaalirenji, koma pali zowawa zake. Sitima ikakhala pakati pa nyanja kulibe Loweruka kapena Lamulungu. Masiku amangogawidwa pawiri, A ndi B, ndipo onsewo ndi olowa m'kalasi. Zipinda zogona n'zazing'ono, ndipo nthawi zambiri wogona naye amakhala munthu amene sudamuonepo. Intaneti ndi yochepa, moti kucheza ndi akunyumba kumavuta. Sitima ikamalowera kum'mawa, wotchi imakankhidwira kutsogolo ola limodzi usiku wina ndi wina, tulo n'kumachepa. Mafunde akakula, nseru ndi chizungulire sizisankha wanzeru kapena wolemera. Wophunzira wa pamtunda zikamuthina amatha kukwera basi kukapumira kwa makolo. Wa pa sitima alibe kothawira.

N'chifukwa chake oyendetsa pulogalamuyi sayembekeza kuti ubwenzi ungobwera wokha. Amaukonzera njira. Ophunzira amagawidwa m'magulu potengera mbali ya sitima imene akugona, ndipo gulu lililonse limapatsidwa dzina la nyanja, monga Red Sea kapena Baltic Sea. Gulu limakhala ndi mkulu woliyang'anira amene amakhala nawo pa sitima pomwepo. Pakati pa ulendo maguluwa amapikisana pa masewero otchedwa Sea Olympics, kukokana chingwe, kuvina ndi zina zoseketsa. Phindu lenileni la maguluwa limaoneka pa tsiku wamba, pamene wina sadatuluke m'chipinda kudzadya ndipo pali anzake amene azindikira msanga n'kukagogoda pachitseko.

Palinso mabanja a pa sitima. Aphunzitsi, ogwira ntchito komanso akuluakulu ena, ambiri opuma pantchito amene amalipira kuti ayende nawo ndi kuphunzira, amatenga ophunzira angapo ngati ana awo. Banja lotere limakumana pachakudya chamadzulo, kufunsana za maphunziro ndi za kunyumba, ndipo ophunzira a m'banja limodzi amayamba kuonana ngati pachibale. Malemu Archbishop Desmond Tutu wa ku South Africa adayenda nawo ulendo wonse mu 2007 komanso mu 2010, akukhala ndi kudya pakati pa ophunzirawo. Uthenga umene ankadziwika nawo ndi wa ubuntu, womwe ife timati umunthu, kuti munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake.

Chosangalatsa china n'chakuti mphunzitsi nthawi zina amakhala wophunzira mnzawo. Sitima isanafike m'dziko lina, wophunzira wa m'dzikolo amakwera padoko la m'mbuyo n'kuyenda nawo masiku angapo. Wa ku Ghana, mwachitsanzo, atha kuphunzitsa anzake kupereka moni, kukwera maminibasi a kumeneko otchedwa trotro, komanso kuwachenjeza kuti kupatsira munthu chinthu ndi dzanja lamanzere ndi mwano. Zoterezi zimamveka bwino zikachokera kwa mnzako wa msinkhu umodzi amene mukudya naye patebulo limodzi.

Akafika padoko, kusamalirana kumakhala nkhani yaikulu. Pamakhala nthawi yoikika yoti aliyense akhale atabwerera m'sitima. Wochedwa amalandira chilango chotsalira m'sitima maola angapo padoko lotsatira anzake akupita kokayenda, ndipo wochedwetsetsa sitima imamusiya. Motero ophunzira amayenda m'timagulu, kuwerengana asanakwere galimoto, ndi kukumbutsana nthawi. Amene wamwa mopitirira muyeso amafunika mnzake womufikitsa pakhomo la sitima.

Nyanja nayo ili ndi ukali wake. Mu January 2005 sitima ya MV Explorer, yomwe ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo, idakumana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja ya Pacific. Funde lotalika pafupifupi mamita 15 lidaswa zenera la chipinda choyendetsera sitima, madzi n'kusokoneza zipangizo zina. Ophunzira mazanamazana adakhala pansi m'makonde atavala majekete oyandamitsa, mpaka zinthu zitayamba kukhala bwino ndipo sitima idakafika ku Honolulu. Palibe adamwalira. Pa maola ngati amenewo makolo ali kutali, ndipo wokulimbitsa mtima ndi amene wakhala pambali pako.

Mwambo wina umene ungatiphunzitse kanthu ndi wa Neptune Day, umene umachitika sitima ikamadutsa mzere wa Equator. Amene akudutsa koyamba amathiridwa madzi a mtundu wachilendo, kupsompsona nsomba, ndipo ofuna amametedwa mpala. Palibe wokakamizidwa, aphunzitsi nawonso amachita nawo, ndipo dzuwa likamalowa zonse zatha, aliyense ndi wa pa sitima mofanana. Yerekezani ndi zimene ambiri tidaziona m'sukulu zogonera konko, kumene mwana wa Fomu 1 amalandiridwa pomuchapitsa zovala za akuluakulu ndi kumulanda chiponde ndi shuga zimene amayi ake adavutikira. Konseku akuti akulandira mlendo, koma mwana wa Fomu 1 uja amatha teremu yonse akuopa anzake.

Tisabise, ulendo wa Semester at Sea ndi wodula kwambiri. Umafuna madola a ku America oposa 20,000, ndipo ngakhale pali thandizo kwa ophunzira ena, mabanja ambiri sangaufikire. Koma zimene zimapulumutsa wophunzira pa sitimayo sizifuna ndalama. Mphunzitsi wamkulu wa sekondale yogonera konko atha kupatsa mwana aliyense wa Fomu 1 mkulu wake wa Fomu 3 amene adzafunsidwe ngati mwanayo sakudya kapena sakulowa m'kalasi. Ku yunivesite, ophunzira a chaka chachitatu atha kutenga atsopano asanu aliyense n'kumakumana nawo kamodzi pa sabata. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Teremu ikubwerayi alendo afikanso ndi masutikesi awo pa zipata za sukulu zathu, ndipo n'zotheka kukonzeratu tsopano amene adzawalandire.