Uthenga wachidule pafoni ungapulumutse mudzi

Wakutsina khutu ndi mnansi, adatero akale. Masiku ano mnansiyo akhoza kukhala foni ya m'manja.

Mu March 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Nthawiyo foni za m'manja kudalibe.

Pomwe namondwe wa Freddy amafika mu March 2023, nthambi yoona zanyengo inkalemba machenjezo pa Facebook ndi pa Twitter, tsamba lomwe lidayamba mu 2006 ndipo pano likutchedwa X. Pamasambawa, uthenga wa mizere iwiri kapena itatu umafalikira m'kanthawi kochepa.

Komabe anthu oposa 600 adafa m'dziko muno. Chenjezo longothera pafoni silikwanira.

Kwa T/A Chiwalo si banja lililonse lili ndi foni ya intaneti. Koma mmodzi akawerenga, kaya ndi mphunzitsi kaya wakabaza, angathe kudziwitsa amfumu, akumpingo ndi msika wonse kuti okhala m'zigwa asamukire kumtunda madzi asanafike.

Kungoti pamasamba omwewa pamayendanso mabodza. Musanauze anzanu, onetsetsani kuti uthengawo wachokeradi kunthambi ya zanyengo kapena ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA.