Galu wa Abwana Akukwera Ndege: Msilamu Achite Chiyani?

Tsiku lina Swala ya Jumu'a itatha, m'bale wathu wina amene amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ya azungu m'mbali mwa nyanja adatiimitsa pakhomo pa mzikiti. "Mwalimu," iye adatero, "abwana anga akubwerera kwawo ku Britain ndipo akutenga galu wawo. Akuti ineyo ndimukonzekeretse ulendowu popeza adandizolowera. Kodi Swala yanga siiwonongeka? Komanso ndikakana, kalata yaumboni wa ntchito yanga adzandilembera ndani?"

Funsoli si la munthu mmodzi ayi. Abale athu ambiri ku Mangochi, Monkey Bay, Salima ndi Nkhotakota, ngakhalenso amene adapita ku Joni, amagwira ntchito zaulonda, zophika ndi zam'munda m'nyumba zoweta agalu. Choncho taganiza zoliyankha pano kuti onse apindule.

ZIMENE CHIPEMBEDZO CHIKUNENA

M'madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, galu ndi najisi yaikulu. Malovu ake akakhudza thupi, chovala kapena chiwiya, malowo atsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa maulendowo ndi madzi osakaniza dothi loyera. Koma dzanja louma likakhudza ubweya wouma najisi siyifala, ndipo kugwira galu sikuthetsa wudhu. Chofunika ndi kutsuka pamene padetsedwa munthu asanaime pa Swala.

Tikumbukirenso kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adaloleza kusunga galu wosakira nyama, wolondera ziweto ndi wolondera munda. Iye adafotokozanso za munthu amene adakhululukidwa machimo chifukwa chotungira madzi galu amene adali pafupi kufa ndi ludzu, ndi za mayi amene adalangidwa chifukwa chotsekera mphaka osamupatsa chakudya. Tikatero tikuona kuti malamulo a ukhondo sapereka chilolezo chochitira nkhanza cholengedwa cha Allah. Galu amene wasiyidwa m'manja mwanu ndi amana, ndipo amana imafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo.

Langizo lathu ndi lakuti mukhale ndi ovololo ndi magolovesi ogwirira ntchito imeneyi basi, ndipo zovala za Swala muzisunge padera.

MAPEPALA AYAMBE MSANGA

Dziko la Britain limaopa kwambiri matenda a chiwewe. Chaka cha 2012 chisanafike, galu wochokera kuno ankatsekeredwa kwa miyezi 6 akafika kumeneko. Lero galu angathe kulowa osatsekeredwa, koma pokhapokha ndondomeko itatsatidwa mwa dongosolo lake.

Choyamba, dokotala wa ziweto amaika pansi pa khungu la galu kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga kotchedwa microchip, komwe kamakhala ndi nambala yake. Kachipangizoka kaikidwe katemera asanaperekedwe, apo ayi katemerayo sawerengedwa. Chachiwiri, galu abayidwe katemera wa chiwewe, ndipo akhale atakwana masabata 12 akubadwa. Chachitatu, pakapita masiku osachepera 30, dokotala amatenga magazi nkuwatumiza kumalo oyezera ovomerezeka kuti aone ngati katemera wagwira. Zotsatira zikakhala zabwino, galu adikire miyezi 3 kuchokera tsiku limene magazi adatengedwa. Tikawerengera zonsezi, ntchito iyenera kuyamba miyezi yoposa 4 ulendo usanafike.

Chotsiriza, galu amwe mankhwala a njoka za m'mimba pamaso pa dokotala, pakati pa tsiku 1 ndi masiku 5 asanalowe m'dzikolo. Pamafunikanso chikalata cha zaumoyo chosainidwa ndi dokotala wa ziweto wa boma. Pepala limodzi likalakwika, galu angatsekeredwe mpaka miyezi 4, mwini wake akulipira. Mapepalawa ndi udindo wa abwana, koma wantchito wanzeru amawakumbutsa masiku.

BOKOSI LA ULENDO

Galu wopita ku Britain sakhala pamodzi ndi anthu m'ndege. Amayenda ngati katundu, m'chipinda cha pansi chimene chimakhala ndi mpweya ndi kutentha koyenera zamoyo. Bungwe la makampani a ndege la IATA lidakhazikitsa malamulo a bokosi lonyamuliramo nyama. Bokosilo likhale lolimba, lokhala ndi mipata yopitira mpweya, losadontha pansi, ndiponso lalikulu moti galu angathe kuimirira, kutembenuka ndi kugona bwinobwino. Mbale ya madzi imangiriridwe ku chitseko kuti ogwira ntchito pa bwalo la ndege athe kuthiramo madzi osatsegula.

Apa ndi pamene pali ntchito yanu yeniyeni. Galu amene sadalowemo m'bokosi chibadwire amachita mantha, amaluma mawaya mpaka kuthyola mano kapena kudzivulaza zikhadabo. Yambani masabata angapo ulendo usanakwane. Ikani bokosi pamthunzi, chitseko chili chotsegula, ndipo muziika chakudya chake m'katimo. Akazolowera, tsekani kwa mphindi zochepa, mawa lake muonjezere, kufikira atayamba kugonamo usiku wonse mwa yekha. Musamukankhiremo kapena kumumenya, chifukwa akatero adzaliona bokosilo ngati chilango. Yalani m'katimo kansalu kamene amagonapo nthawi zonse kuti fungo lake lizimukhazika mtima pansi.

TSIKU LA ULENDO

Kuchokera kuno kunyanja kukafika ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kapena la ku Chileka ndi ulendo wa maola angapo, ndipo tonse tikulidziwa dzuwa la mwezi wa Okutobala. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, ndipo musamusiye galu m'galimoto yotseka magalasi ngakhale kwa kanthawi kochepa. Agalu a mphuno zazifupi monga pug ndi bulldog amabanika msanga, moti makampani ambiri a ndege amakana kuwanyamula.

Mupatseni chakudya chochepa kukali maola angapo, osati nthawi yokwera itayandikira, kuopa kuti angasanze. Madzi okha musamumane. Muyendetseni kuti adzithandize asanalowe m'bokosi, ndipo mumuvule chingwe cha m'khosi kuti chingakodwe. Koposa zonse, musamupatse mankhwala ogonetsa. Madokotala a ziweto amaletsa zimenezi chifukwa mankhwalawo amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa kapumidwe, ndipo m'mwambamo mulibe munthu woti amuone akayamba kuvutika. Palibe ndege yochoka kuno molunjika ku London. Galu amatsitsidwa ndi kukwezedwa ndege ina ku mizinda ngati Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa, kotero ulendo wake ndi wautali.

NANGA AGALU A M'MIDZI MWATHU?

Abale ndi alongo, ngati dziko lakutali likuchita zonsezi poopa chiwewe, nanga ife amene tikukhala nacho pakhomo? Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro pa munthu sichichizika, ndipo ambiri olumidwa ndi ana. Amene muli ndi galu wolondera munda kapena mbuzi, pitani naye akabayidwe pamene alangizi a ziweto alengeza za katemera. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

M'bale wathu uja adaigwira ntchitoyo. Adatiuza kuti sabata yachitatu galuyo ankalowa yekha m'bokosi dzuwa likamalowa, iye nkuvula ovololo yake, kusamba m'manja ndi madzi ndi dothi, nkupita ku Swala ya Maghrib mtima uli m'malo. Allah atipatse chifundo pa zolengedwa zake zonse ndi kutilandira Swala zathu. Ameen.