KHANSA YA M'MAPAPO IKAFIKA KU BONGO

Pali nthenda imene iyamba m'cifuwa koma nionekera m'mutu. Mwamuna wacikulire, amene wakhala ali kutsokomola miyezi yambiri osalabadira, ayamba kudzuka m'mamawa mutu uli kuwawa, nthawi zina ndi kusanza komwe. Popita masiku dzanja limodzi lilefuka, ndipo kapu ya tiyi impulumuka. Mkazi wace aona kuti munthu uja anali wofatsa tsono apsa mtima pa kanthu kacabe, naiwala maina a adzukulu ace. Tsiku lina agwa pansi naphupha ngati wakhunyu, cinkana sanagwepo cibadwire. Anansi a m'komboni sacedwa kuweruza: ena ati mowa, ena ati misala, enanso ati anzace a pa nchito amlodza cifukwa ca ukapitao. Koma dotolo akamva mbiri yotere afuna kuona malo awiri, m'mutu ndi m'cifuwa.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso tochedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Khansa ndiyo maselo amene aleka kumvera lamulo la thupi, naswana kosalekeza kufikira apanga cotupa. M'mapapo cimene ciibutsa koposa zonse ndi fodya. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa ici ku London mu 1950. Fumbi la mwala nalonso liri ndi mlandu: mu 1997 bungwe la maiko lofufuza za khansa linaika fumbi la silika, lomwe lija lipereka nthenda ya silikosi kwa anthu a m'migodi, pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa.

Nanga cotupa ca m'cifuwa cifika bwanji ku mutu? Njira yace ndi mwazi. Mwazi wonse wa m'thupi upita m'mapapo kukatenga mpweya, nubwerera ku mtima, ndipo mtima uuponya ku ziwalo zonse. Selo likathothoka pa cotupa ndi kugwera mu mwaziwo, palibenso sefa panjira. Bongo ngwaung'ono, sufika ndi kilogramu limodzi ndi theka lomwe, koma ulandira pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 7 a mwazi wocoka ku mtima. Selo lija liyenda kufikira pamene mtsempha wacepa, likakamira pomwepo monga cinyalala mu mpope, ndi kuyamba kumera. Cifukwa cace mwa khansa zonse zimene zifalikira ku bongo, ya m'mapapo ndiyo itsogola. Ndipo cinkana yamera m'mutu ikali khansa ya m'mapapo, maselo ace ngomwewo, mankhwala acenso asankhidwa potsata kumene inacokera.

Cibade ndi bokosi lotsekeka. Cotupa ca pa mwendo ciri ndi malo otupira, koma ca m'mutu cipanikiza bongo, ndiponso bongo wozungulira cotupaco udzala madzi. Apo ndipo pacokera litsipa ndi kusanza. Popeza mbali ya kumanja ya bongo ilamulira mbali ya kumanzere ya thupi, dzanja lolefuka liuza dotolo mbali yoti ayang'ane.

Munthu ali yense amene anagwirapo nchito pansi pa mgodi adziwa X-ray, pakuti anaimirira patsogolo pa makinawo ku nyumba yopimira mapapo ku Kitwe. X-ray ionetsa bwino mthunzi wa m'cifuwa, koma m'mutu ionetsa fupa lokha, bongo osaoneka. Zaka zambiri madotolo anabvutika naco cinthu cimeneci. Mu 1918 Walter Dandy wa ku Baltimore anayamba kucotsa madzi ena a m'kati mwa bongo ndi kulowetsamo mpweya kuti mthunzi uoneke, ndipo odwala anali kumva mutu koopsa masiku angapo pambuyo pace. Mpumulo unadza mu 1971, pamene makina a Godfrey Hounsfield, amene lero achedwa CT, anajambula mutu wa wodwala woyamba pa cipatala ca Atkinson Morley ku London. Makinawa azungulira mutu ndi X-ray, ndipo kompyuta isonkhanitsa zithunzizo kukhala ngati magawo a buledi wodula-dula. Nchitoyo itha pa mphindi zowerengeka.

Makina a MRI apenya koposa apo. Alibe X-ray, agwira nchito ndi maginito wamphamvu ndi mafunde onga a wailesi, ndipo akhoza kuonetsa kacotupa kocepa ngati njere ya mapira, kamene CT ikadakaphonya. Wodwala agona cete m'cibowo copapatiza monga theka la ola, pakati pa phokoso longa la makina oboolera mwala. Asanathe kujambula amlasa mankhwala mu mtsempha, amene acititsa zotupa kuwala pa cithunzi. Pano pali cenjezo kwa amisiri a zitsulo ndi anthu a m'migodi: amene kacitsulo kanamlowapo m'diso kapena m'thupi ayenera kunena asanalowe m'cipindaco, pakuti maginito akhoza kukasuntha.

Komatu cithunzi si ciweruzo cotsiriza, makamaka m'dziko la Zambia. TB imapanga zotupa zace m'bongo. Mphutsi za njoka ya m'mimba yocokera ku nkhumba zimabisala momwemo ndi kugwetsa munthu khunyu. Kwa amene ali ndi HIV kuli kacirombo kena kopanga zithupsa zofanana ndi khansa pa cithunzi. Zonsezi ziri ndi mankhwala ace, ndipo kungakhale kulakwa kwakukuru kuocha ndi ceza mutu wa munthu amene akadacira ndi mapiritsi. Tsono dotolo atapa kanyama pang'ono, kawiri-kawiri pa cotupa ca m'cifuwa kapena pa mwanabele wa m'khosi, kuti kapimidwe ndi galasi lokuza zinthu. Kulakwa kwina, kumene kucitika kopambana, ndiko kwa munthu amene amwa mankhwala a TB miyezi 6, makhololo osapezekamo kacirombo, thupi liri kuthabe, popanda womfunsa ngati nthendayo ndi TB ndithu. Miyezi yotayika motero siibwera.

Zikadziwika kuti ndi khansa, thandizo loyamba ndi mankhwala ochedwa dexamethasone, ophwetsa madzi aja ozungulira cotupa. Pa tsiku limodzi kapena awiri munthu amene sanali kuzindikira ana ace akhoza kukhala tsonga ndi kupempha nsima. Abale akondwa naganiza kuti wacira. Iai, cotupa ciripobe. Caphwa ndi kutupa kokha. Mankhwalawa akweza shuga m'mwazi ndi kulefula nchafu akamwedwa nthawi yaitali, ndiponso sayenera kulekedwa mwadzidzidzi. Wogwa khunyu apatsidwanso mankhwala oletsa kugwako.

Zotsatira zidalira mafunso atatu: zotupa ziri zingati, ziri pati, ndipo wodwala ali ndi mphamvu yotani. Cikakhala cimodzi, cacikuru, pa malo ofikika, dotolo wa opaleshoni atsegula cibade nacicotsa. Roy Patchell ndi anzace ku Kentucky anayesa njirayi pa odwala 48, nalengeza mu 1990 kuti mwa ocitidwa opaleshoni ndi kuochedwa ndi ceza pambuyo pace, theka anafika masabata 40, pamene mwa oochedwa cabe theka anafika masabata 15.

Zikakhala zazing'ono ndi zowerengeka, pali njira imene Lars Leksell wa ku Sweden anaiganiza, ndipo makina ace oyamba, Gamma Knife, anayamba nchito mu 1968. Dzinalo linena mpeni, koma palibe kuceka. Anthu 200 ataimirira mozungulira mu mdima wa pansi pa mgodi, yense nalozetsa nyale ya pa cipewa cace pa kamwala kamodzi, nyale iri yonse payokha njofooka, koma pa kamwalapo pawala ngati usana. Momwemonso mizere ya ceza pafupi-fupi 200 ipyola m'bongo yosauononga, nikomana pa cotupa ndi kucipha. Ceza cace cicokera ku kobalti, mtundu womwewo wa citsulo cimene capezeka pamodzi ndi mkuwa ku Nkana ndi ku Chambishi, atayamba waupatsa mphamvu m'ng'anjo ya atomu. Makina otere ngodula, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa mulibe.

Zotupa zikacuruka, ceza ciperekedwa ku mutu wonse, masiku 5 kapena 10. Wodwala abvala cigoba ca pulasitiki cogwira mutu kuti usagwedezeke. Samva kuwawa, koma tsitsi lithothoka, thupi litopa, ndipo ena ayamba kuiwala-iwala. M'Zambia nchito ya ceza inayamba ndi cipatala ca Cancer Diseases Hospital ca mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2007. Koma si onse amene apindula nayo njirayi. Mu 2016 madotolo a ku Britain ndi Australia analengeza zimene anapeza pa odwala 538 amene nthenda inali itawapitirira kale: oochedwa mutu wonse sanakhale masiku ocuruka kapena okoma koposa amene analandira dexamethasone ndi cisamaliro cabwino cokha. Cotero dotolo akauza banja kuti nkhalamba yosatha kudzuka pa mphasa isabvutike ndi ulendo wocoka ku Mufulira kunka ku Lusaka, sikuti waitaya. Morphine wothetsa ululu, ndi kugona pakati pa ana ace, ndilo thandizo lomyenera.

Mankhwala akumwa ndi olasa anali kulephera kale cifukwa mitsempha ya m'bongo iri ndi mpanda wotsekereza zinthu zacilendo. Mu 2004 kunapezeka kuti khansa zina za m'mapapo, makamaka za anthu osakoka fodya, ziri ndi cilema cimodzi m'maselo cochedwa EGFR. Piritsi la osimertinib, lololedwa ku America mu 2015, lilondola cilemaco, lidumpha mpanda uja, ndipo lafwetsa zotupa za m'bongo mwa odwala ambiri. Ligwira okhawo amene kanyama kao kapimidwa ndi kupezeka naco cilemaco, ndipo mtengo wace ngwosafikirika kwa munthu wa penshoni.

Nthenda imeneyi ikafika ku bongo siicira kawiri-kawiri. Cimene madotolo amenyera ndico kuonjeza miyezi, kwa ena zaka, munthu ali ndi nzeru zace ndi miyendo yace. Wolandira thandizo abwerera kukajambulitsa mutu pakapita miyezi iwiri kapena itatu iri yonse, popeza zotupa zatsopano zikhoza kumera. Ndipo amene anagwapo khunyu sayenera kuyendetsa galimoto, kukwera makwerero, kapena kutsikira pansi pa mgodi kufikira dotolo atamlola.