Liwiro la minibasi limayambira m'thumba la mwini galimoto

Ambiri a ife a kunyanja timaudziwa msewu wa Masauko Chipembere chifukwa cha matenda kapena malonda. Umachokera m'kati mwa mzinda wa Blantyre, n'kulambalala Mandala, kufika pa Ginnery Corner pomwe pali chipatala cha Gulupu, kenaka Chichiri ndi Maselema mpaka ku Limbe, komwe timakwerera galimoto zobwerera kwathu. Mtunda wake ndi wa makilomita pafupifupi 8 okha. Msewuwu adaukuza ndi thandizo la dziko la Japan kuti galimoto ziziyenda momasuka, koma pamaso pa madalaivala ena a minibasi udasanduka bwalo la mpikisano.

Dera la Mandala lidayamba kale kuona zamtengatenga. Nyumba yosanja ya kampani ya African Lakes, yomwe idamangidwa m'chaka cha 1882, ikadalipo, ndipo dzina loti Mandala lidachokera ku magalasi omwe John Moir, mmodzi mwa oyendetsa kampaniyo, ankavala. Masiku amenewo katundu wopita kunyanja ankayenda pamutu pa anthu ndi pa sitima za pamadzi, ndipo ulendo unkatha masiku. Lero munthu amadya mfisulo ku Limbe, nkhomaliro n'kukadyera ku Mangochi, komabe timaona ngati tikuchedwa.

Imani pa siteji iliyonse pakati pa Mandala ndi Ginnery Corner m'mawa anthu akamapita kuntchito, muone zochitika. Minibasi ziwiri zimatulukira limodzi zikulimbirana munthu mmodzi amene wakweza dzanja. Yotsogola imaima mwadzidzidzi, theka la galimoto lili mumsewu, inzake n'kuipitirira kuti ikaime kutsogolo kwake. Chitseko chimatsegulidwa galimoto ikuyenda, kondakitala akulendewera kunja uku akuitanira. Mayi wobereka mwana asadakhazikike n'komwe, dalaivala wanyamuka kale. Pafupi ndi chipatala, pomwe odwala ndi okalamba amaoloka pang'onopang'ono, hutala ndiye imalira m'malo mwa mabuleki.

N'chapafupi kunena kuti anyamatawa ndi osaleredwa bwino. Ena alidi otero, ndipo ena amagwira chiwongolero atalawa mowa. Koma ambiri timawadziwa. Ndi ana athu ochokera ku Ulongwe, ku Namwera, ku Ntaja, omwe kumudzi amagwada popatsa moni akuluakulu. Chimene chimawasintha akakhala pampando wa dalaivala ndi mgwirizano womwe ali nawo ndi mwini galimoto.

Mgwirizanowo umayenda chonchi. Mwini minibasi amatchula ndalama yomwe akufuna kulandira madzulo alionse, yomwe eni akewo amaitcha tageti. Mafuta amagulidwa kuchokera pa ndalama za tsiku lomwelo. Oitanira pa siteji amatengapo zawo. Galimoto ikagwidwa ndi apolisi apamsewu, chindapusa nthawi zambiri chimachoka momwemo. Zotsala pambuyo pa zonsezi ndizo dalaivala ndi kondakitala amagawana. Tsiku likavuta, mwini galimoto salandirako pang'ono ayi, amene amagona ndi njala ndi awiri aja. Tsono kwa munthu wotere, wokwera aliyense amene watengedwa ndi minibasi inzake ndi ndiwo zomwe zachoka m'mbale mwa ana ake. Mafuta akakwera mtengo kapena akasowa n'kutayira theka la tsiku pamzere, tageti kawirikawiri sitsika, ndipo maola otayikawo amabwezedwa ndi phazi.

Pamgwirizano womwewu ndi pomwe pamabadwira dalaivala waganyu. Munthu amene wayamba ntchito kusadache amatopa dzuwa likafika pamutu, ndiye amapatsira mnzake makiyi kuti azungulireko maulendo awiri kapena atatu iye akupuma. Waganyuyo mwina alibe chiphaso choyendetsera galimoto yonyamula anthu, mwini galimoto samudziwa, ndipo malipiro ake amadalira kuchuluka kwa zomwe watolera pa maola ochepawo. Palibe chimene chimamumanga kuti asamale galimotoyo kapena anthu ali m'katimo.

Boma layesapo kangapo kukonza zinthu. Mu 2006 lidaletsa ntchito yoitanira minibasi, koma oitanira akadali pa Mibawa ndi ku Limbe mpaka lero. Lamulo limati pampando pazikhala anthu atatu, koma ukangotuluka m'tauni anayianayi amabwerera. Mu June 2017, apolisi atalimbitsa dzanja pa malamulo apamsewu, madalaivala ndi makondakitala mu Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo zionetsero zawo zidathera m'ziwawa ndi kuononga katundu. Malamulo onsewa ndi oyenera, koma amagwira dalaivala pakhosi n'kusiya tageti ili chilili. N'chifukwa chake chindapusa chimangokhala ngati gawo lina la ndalama zoyendetsera ntchito, ndipo akachilipira amathamanga koposa kuti abweze zomwe zapita.

Phindu la liwirolo ndi lochepa modabwitsa. Pa makilomita 8, galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imatenga mphindi zosakwana 10, pamene yoyenda makilomita 80 pa ola imatenga mphindi 6. Kusiyana kwake sikufika mphindi zinayi. Koma liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe galimoto imakwekwereza matayala isadaime umawirikiza kanayi, ndipo ikadzaza kupyola muyezo, matayala ali osalala, umatalikirabe. Pa makilomita 60 pa ola, dalaivala akayang'ana foni kwa sekondi imodzi, galimoto yayenda mamita pafupifupi 17 popanda woiona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zikutsogola pa kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

Khalidwe la m'tauni silithera ku Limbe. Limatiperekeza mumsewu wa M3, wodzera ku Namadzi, Thondwe, Zomba ndi Liwonde mpaka ku Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Kumeneko liwiro ndi lalikulu, msewu umabooleza pakati pa misika, mumadzaza njinga za kabaza, ndipo pali chitsikitsiki cha mapiri a Machinga chomwe chimayesa mabuleki. Dalaivala wofuna kupita ku Mangochi ndi kubwerako kuti akayambenso ulendo wina dzuwa lisadalowe amapitirira galimoto zinzake pamakhota pomwe sakuona kutsogolo. Masiku oyandikira Eid, aliyense akamathamangira kumudzi, zimaposa apa.

Ngozi ikachitika, pa maliro timamva mawu oti zidalembedwa. Ndi zoona kuti tsiku la munthu aliyense lili m'manja mwa Allah, ndipo mawuwa amatonthoza ofedwa. Koma Chisilamu sichidalole kuti wolakwa abisale kuseri kwa mawu amenewa. Malamulo athu amati wopha munthu mosafuna ali ndi ngongole ziwiri: diya, lomwe ndi dipo loperekedwa kwa abale a womwalirayo pokhapokha iwo atakhululuka, ndi kafara, yomwe masiku ano ndi kusala miyezi iwiri yotsatizana popanda kudumphitsa. Maulama ambiri amati kafarayo ndi ya munthu mmodzimmodzi amene wafa. Bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy, pamsonkhano wake ku Brunei mu 1993, lidagamula kuti kutsata malamulo apamsewu ndi udindo wa Msilamu pachipembedzo, ndipo dalaivala ali ndi mlandu pa zomwe waononga, kupatula ngati ngoziyo yadza ndi chinthu chomwe sakadatha kuchipewa. Mabuleki omwe akhala akudandaulidwa kwa sabata yathunthu sali m'gulu limenelo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife eni. Mabanja ambiri a kunyanja ali ndi minibasi kapena Sienta pamsewu, zina zogulidwa ndi thukuta la ana athu a ku Joni. Mwini galimoto akhoza kukhala munthu wosaphonya Swala, wopereka Zakaat, koma madzulo amangowerenga ndalama osafunsa kuti zapezeka motani. Dalaivala akamuuza za matayala, yankho limakhala loti tiona mwezi ukatha. Chiphaso cha COF, chomwe nthambi ya boma yoona zapamsewu imapereka itayeza galimoto, ena amachiona ngati pepala longomata pagalasi. Munthu wotere sakhala pamalo a ngozi, koma dzanja lake limakhala lili pachiwongolero.

Nafenso okwera tili ndi gawo lathu. Timakonda minibasi yodzaza msanga ndi yofika msanga, ndipo dalaivala wodekha timamunena kuti akuyenda ngati wanyamula mazira. Wina akalimba mtima n'kunena kuti, “Adalaivala, chepetsani liwiro,” ena tonse timakhala chete ngati sizikutikhudza, mpaka kondakitala amuyankhe mwachipongwe kuti agule yake. Anthu atatu kapena anayi akayankhula pamodzi, dalaivala amamva, pakuti sangawatsitse onse.

Koma amene angasinthe zinthu mawa lomwe, osadikira Nyumba ya Malamulo, ndi mwini galimoto. Iye akhoza kumulipira dalaivala pamwezi m'malo momuyesera ndi tageti, kapena kutsitsa tagetiyo tsiku lomwe mafuta avuta. Akhoza kuika ola loti galimoto ikhale itaimikidwa pakhomo, kulemba dalaivala wachiwiri wodziwika ndi wachiphaso m'malo mwa waganyu, ndi kupatula ndalama ya matayala ndi mabuleki asadatengepo phindu lake. Ndalama ya madzulo idzatsikako ndithu. Eni minibasi ali ndi bungwe lawo la MOAM, lomwe limamveka kwambiri mitengo ya mafuta ikasintha, ndipo nkhani ya malipiro a madalaivala ndi maola awo ogwirira ntchito ikudikira kuti ikakambidwe kumeneko.